Kachinthu kosadziwika dzina kapsa mu fani, filiji kapena ayironi, mungakadziwe bwanji ndi kukasintha

Fani ikayamba kungolira huuu osazungulira, kapena filiji ikamangoti tiki kenako zii, ambirife timathamangira kunena kuti mota yapsa, kompuresa yafa, basi katundu uja nkukaunjikidwa kuseri kwa chitseko mpaka akangaude amangemo. Koma nthawi zambiri chomwe chafa ndi kachinthu kakang'ono kokwana m'chikhato, kotchipa kwambiri poyerekeza ndi katundu watsopano. Vuto limabwera mukatsegula, mwakapeza kakuda bii kapena kasiliva kali ndi mawaya awiri, dzina lake simukulidziwa, nde kushopu mukanena kuti mukufuna chani? Mukangoti "ndikufuna kakuda kaja ka mu fani" akupatsani chilichonse chakuda chomwe ali nacho, ndipo sabweza ndalama.

Musanamasule sikuluu ngakhale imodzi zulani pulagi kukhoma. Kuthimitsa pa switchi pokha ayi, zulani ndithu muione ili pansi, chifukwa nyumba zina mawaya anawalumikiza motembenuza, switchi ili yothima koma moto ukadali mkati. Ndipo ngati chomwe chavuta ndi microwave, nkhani yathu ithere pompa, vindikirani mupite nayo kwa okonza odziwa. Mkati mwake muli kapasita yaikulu imene imasunga mavolti opitirira 2000 ndipo itha kukhala ndi moto ngakhale mutazula pulagi, imeneyo siyonjenjemeretsa chabe, imapha. Ndimakonda kulimbikitsa anthu kukonza okha zinthu koma pa microwave pokha sindinyengerera munthu.

Mukatsegula, foni ikhale pafupi. Jambulani musanazule waya uliwonse, jambulani cha patali kuti zonse zioneke kenako cha pafupi mbali zonse, chifukwa mutu umanama, mumati ndikumbukira kuti wofiira unali apa koma mawa lake mukubwera kushopu mwaiwala. Mawaya akakhala amtundu umodzi matani katepi pa uliwonse mulembepo 1, 2, 3. Masikuluu ikani mu kapu.

Tsopano kukadziwa kachinthuko. Maonekedwe asakupusitseni, zinthu ziwiri zitha kufanana ndendende kunja koma mkati ntchito zosiyana, chomwe chimanena zoona ndi zolembedwa pathupi pake. Pukutani fumbi, walitsani tochi cha m'mbali osati molunjika, zilembo zozokotedwa zimaoneka bwino kuwala kukachokera pambali, zikakanabe pakanipo choko nkupukuta pang'ono kuti choko chitsalire m'mizere. Kenako jambulani nkukulitsa chithunzicho pa foni. Pa zolembazo musayambe ndi dzina la kampani, yang'anani kachizindikiro kotsatira nambala. Mukaona µF, kapena uF, kapena MFD, imeneyo ndi kapasita. Mukaona °C limodzi ndi A komanso V, monga 10A 250V 216°C, ndi fyuzi ya kutentha kapena thermostat, kachinthu kodula ndi kulumikiza moto malinga ndi kutentha. Mukaona Ω, chizindikiro cha ma ohm, ndi resistor kapena relay ya filiji. Kagalasi kokhala ndi zitsulo kumapeto kolembedwa T2A kapena F2A ndi fyuzi wamba. W ndi V zokha, monga 2000W 230V, ndi elementi, chitsulo chotenthetsa chija. Ndi zimenezi zokha mwadziwa kale theka la nkhani.

Kakakhala pa bolodi yobiriwira ija, yang'anani pambali pake, opanga amalembapo kalata ndi nambala. C ndi kapasita, R resistor, D diode, F fyuzi, Q transistor, U kapena IC ndi chip, TH kapena NTC ndi thermistor, RV kapena MOV kapena ZNR ndi varistor, K kapena RY ndi relay. Ngakhale kachinthuko kapserere kukhala khala, kalatayo imakuuzani mtundu wake. Mafiliji ambiri ndi makina ochapira ena amakhalanso ndi chojambula cha mawaya chomatidwa kumbuyo kapena mkati mwa chivindikiro, anthu sachiyang'ana nkomwe koma chimatchula dzina la chilichonse chomwe chili mmenemo.

Muli ndi bandulo, lembani pa Google zonse zomwe mwawerengazo mmene zilili, osasintha kalikonse, mupite pa zithunzi. Google Lens imathandizanso koma imangoyang'ana maonekedwe, nde ikupatsani dzina la mtundu wake lokha, nambala yeniyeni muwerenge nokha. Jambulaninso sitika ya model ya katunduyo, pa filiji imakhala mkati cha m'mbali kapena kumbuyo, pa ayironi ndi ketulo pansi.

Chida chimodzi chomwe sindingakuuzeni kuti mudumphe ndi multimeter, mita yoyezera zamagetsi. Yotchipa yomwe ija ikukwana. Ikani pa kachizindikiro kolira, gundanitsani timawaya take tiwiri mumve ikulira, ndiye kuti ili bwino. Fyuzi yamoyo imaliritsa mita, yakufa imangokhala chete. Popanda mita mudzakhala mukugula zinthu mongoganizira, lero ichi mawa icho, mpaka ndalama kukwana ya fani yatsopano.

Tiyambe ndi fani poti nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala ndi imene imavutitsa kwambiri. Pulagi ili yozula, zunguzani mapiko ndi chala. Akalimba kapena kuima msanga, vuto si lamagetsi ayi, ndi fumbi ndi tsitsi zomwe zakulungana pa shafti komanso mabushi auma, pukutani nkudontheza mafuta a mashini osokera, osati ophikira chifukwa aja amadzamata pakapita nthawi. Koma mapiko akamazungulira mofewa, mukayatsa ikungolira, mukaikankha ndi kamtengo nkuyamba kuyenda, kapena ikuyenda mwaulesi ngakhale pa sipidi 3, pamenepo ndi kapasita. Mukatsegula kumbuyo kwa mota muona kabokosi kakuda ka makona anayi ka mawaya awiri, nthawi zambiri kolembedwa CBB61, kenako 1.2µF kapena 1.5µF kapena 2µF, ndi 450VAC kapena 400VAC. Ntchito yake ndi kupangitsa kuti moto wa koyilo yachiwiri ya mota usiyane nthawi ndi wa koyilo yoyamba, kusiyana kumeneko ndi kumene kumakankha mota kuti idziwe kolowera. Ikafooka mota imangonjenjemera pamodzimodzi nkumatentha.

Pogula, nambala ya µF ikhale yomweyo. Ya mavolti itha kukhala yomweyo kapena yokwererapo, yotsika ayi. Pali ena amakonda kuika yaikulu, pa 1.5 nkuikapo 2.5 kapena 3 ati kuti fani izithamanga, inde imathamanga masiku oyamba koma koyilo imalandira moto wopitirira muyezo nkumatentha mpaka kupsa, nde mwapha mota chifukwa cha kamphepo. Kapasita ya mtundu umenewu ilibe plus ndi minus, waya uliwonse upita kulikonse. Musanagwire yakaleyo gundanitsani mapeto ake awiri ndi sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki kuti moto wotsalira utuluke. Dulani mawaya pafupi ndi kapasita yakaleyo kuti mutsale ndi otalika, lumikizani zolimba, wotcherani ndi soda, mtovu wosungunulira polumikiza mawaya uja, ngati muli nayo, kutirani bwino ndi tepi yamagetsi, osati selotepi kapena jumbo.

Fani ikakhala chete osalira nkomwe nkhani ndi ina. Dinani sipidi 1, ikani mita pa ma ohm muyeze pakati pa mano awiri a pulagi, a live ndi neutral. Yamoyo imaonetsa ma ohm mahandiredi angapo. Ikapanda kuonetsa kanthu yambani ndi fyuzi ya mu pulagi, kenako chingwe, makamaka polowera mu fani pomwe chimapindika kawirikawiri, kenako mabatani. Zonsezi zikakhala bwino ndiye kuti ndi kafyuzi ka kutentha kobisika mkati mwa mota, komangiriridwa pa koyilo mu kapaipi koyera, kambiri kamakhala 2A ndipo kutentha kwake cha m'ma 115°C mpaka 130°C. Kusintha kameneko kumafuna dzanja lofatsa chifukwa timawaya ta koyilo ndi tating'ono kwambiri, kamodzi kakaduka mulira.

Fyuzi ya kutentha imeneyi muipezanso mu ayironi, mu rice cooker, mu chowumitsira tsitsi ndi zina zonse zotenthetsa, ndipo ndi imene anthu ambiri amafunsa kuti kodi ichi nchani. Kamakhala kasiliva kotalika pang'ono, mbali imodzi yosongoka ya mtundu wina, kobisika mu kapaipi ka nsalu yosapsa. Kamaduka kamodzi basi, sikabwerera. Pathupi pake pamalembedwa kutentha komwe kamadukira, monga 192°C, 216°C kapena 240°C, ndipo mugule ka nambala yomweyo. Kotsika kazingoduka mukusita, kokwera kadzaduka mochedwa pulasitiki itasungunuka kale. Osakawotcherera ndi soda, kutentha kwa chowotchereracho kumakapha kasanagwire ntchito nkomwe, komanso soda simalimba pamalo otentha chonchi. Kamafuna timphete tachitsulo tofinya ndi pulayala, funsani pomwe mukugulapo. Mukabwezeretse pamalo pomwe kanali, kokhudza chitsulo chomwecho, mkati mwa kapaipi kake.

Koma dzifunseni kuti kadukiranji. Kameneka ndi kamlonda, kakafa ndiye kuti china chake chinatentha mopitirira. Mu ayironi kawirikawiri ndi thermostat, timano take tamatirirana nde ayironi simazimanso yokha. Pulagi ili yozula zunguzani kagudumu kosinthira kutentha kaja, muzimva kakuti tiki, ndipo mita, mutaiika pa miyendo ya thermostat, izilira ndi kusiya. Ikamalira ponseponse ngakhale pa ziro, thermostat yafa, mukangosintha fyuzi yokha ipsanso tsiku lomwelo. Pa zinthu zina thermostat yake ndi kozungulira ka miyendo iwiri kolembedwa KSD301 ndi nambala ya kutentha, pamenepo samalani chifukwa tilipo tamitundu iwiri tofanana nkhope, kena kamadula moto kakatentha, kena kamalumikiza kakatentha. Zotenthetsa zambiri zimafuna kodula, kamene kakakhala kozizira mita imalira. Ketulo nayo, makamaka kwa amene timamwa madzi a pa mjigo, zoyera zija zimaunjikana pansi nkumapangitsa elementi kutentha kwambiri, wiritsanimo madzi osakaniza viniga kapena mandimu mwa apo ndi apo.

Ndipo chonde abale anga, zolumikiza waya pamalo pa fyuzi, kapena kukulunga kagalasi ndi pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya, tisiye. Ndikudziwa zimayaka, ndikudziwa ena amachita nkulipiritsa ngati akonza, koma tsiku lomwe mwana adzaiwale ayironi pa bedi palibe chodzadula moto. Fyuzi ya mu pulagi nayo ili ndi muyezo, mapulagi athu a mano atatu aja amakhala ndi ya 3A, 5A kapena 13A. Kuwerengera kwake nkosavuta, mawati kugawa ndi 230, ketulo ya 2000W ikukoka pafupifupi 9A nde ifuna ya 13A, fani ya 50W siifika ngakhale theka la 1A, ya 3A ikukwana. Pa fyuzi zagalasi T ndi yochedwerapo kuduka, F ndi yachangu, mukaika F pamalo pa T izingoduka poyatsa nkumaganiza kuti pali shoti.

Tibwere ku filiji, apa mpomwe anthu amabedwa kwambiri. Getsi lamkati likuyaka koma sikuzizira, kumbuyo mukumva huuu kwa masekondi ochepa kenako tiki, patapita mphindi zingapo huuu tiki kachiwiri. Ena akangomva zimenezi amati gasi watha kapena kompuresa yapita. Dikirani kaye. Zulani, kokani filiji, pansi kumbuyo pali kompuresa yakuda ija, pambali pake pali chivindikiro cha pulasitiki chogwidwa ndi kawaya kachitsulo kapena kongokanikiza. Mukachotsa mupeza tinthu tiwiri tolowa pa mano atatu a kompuresa. Kamodzi ndi relay yoyambitsira, kena ndi overload, kamene kamadula moto kompuresa ikakoka wambiri, ndipo tiki mukumvayo ndi kameneka kakugwira ntchito yake bwinobwino. Pa mafiliji ena tiwiriti timakhala m'bokosi limodzi.

Jambulani, kenako kokani relay molunjika osagwedeza kwambiri manowo. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Mkati mwa relay ya mtundu wa PTC muli kambale kakang'ono kamodzi kolimba, kakasweka mumva tizidutswa tikulira sekeseke, nthawi zina nkumanunkha kupsa. Imeneyo yafa. Ikakhala chete yezani ndi mita pa mabowo awiri olowa mano aja, koma idikireni izizire kaye chifukwa yotentha imaonetsa nambala yaikulu zedi, ndi mmene imagwirira ntchito, imalola moto kupita ku koyilo yoyambitsira kwa kamphindi kenako ikatentha nkutseka njira. Yozizira iyenera kuonetsa pafupi ndi nambala yolembedwa pathupi, QP2-15 ndi ma ohm 15, QP2-22 ndi 22, QP2-33 ndi 33. Mukaona ya 4.7 dziwani kuti zoterezo zimapezeka kwambiri pa mafiliji a 110V, musalole kupatsidwa imeneyo chifukwa choti ikulowa. Werenganinso miyendo yolumikizira mawaya, zina zili ndi umodzi, zina iwiri, itatu mpaka inayi.

Musanagule yesaninso kompuresayo kuti musataye ndalama pachabe. Mano aja ndi atatu, yezani awiriawiri mupeze manambala atatu, yaikulu iyenera kukhala pafupifupi kuphatikiza kwa ziwiri zazing'onozo, mwachitsanzo 15 ndi 20 yaikulu ikhale cha m'ma 35. Kenako dzino lililonse ndi chitsulo cha thupi la kompuresa, pamalo opanda penti monga paipi ya kopa, apa mita isaonetse kanthu. Ikalira kompuresa yashota, imeneyo ndi ntchito ya a mafiliji. Overload yamoyo ikakhala yozizira imaliritsa mita, ndipo posintha iyenera kugwirizana ndi kukula kwa kompuresa, nde jambulani sitika ya pa kompuresa, pamakhala dzina ngati Embraco, Secop, GMCC kapena Huayi ndi nambala ya model.

Mafiliji akale ena ali ndi relay ya koyilo ya kopa yoonekera kunja, imeneyo mukaigwedeza imalira ngakhale ili yamoyo chifukwa mkati muli kachitsulo koyenda, ndipo imayenera kukhala choimirira mmene munaipezera. Atsopano olembedwa inverter alibe relay yotereyi, ali ndi bolodi m'kabokosi pambali pa kompuresa, musavutike kuifuna. Ndipo pa sitika pakalembedwa R600a dziwani kuti gasi ameneyo amayaka moto, musapinde kapena kuboola mapaipi, musasute pafupi, ndipo zokolopola ayisi ndi mpeni zija ndi zimene zimaboola mafiliji ambiri.

Chimapha relay kawirikawiri ndi magetsi ozima nkubwera pompopompo, kapena obwera ofooka. Kompuresa ikangoima gasi amakhala akadali wothinana mbali imodzi, nde ikafuna kudzuka nthawi yomweyo imalephera nkumakoka moto wambiri. Mukazula filiji dikirani mphindi zisanu musanalumikizenso, ndipo fridge guard ndi yofunika kugula, imachedwetsa kuyatsa magetsi akabwera komanso imadula akakwera kapena kutsika kwambiri.

Za pa bolodi ndingodutsamo mwachangu poti zimafuna wodziwa kuwotcherera. Kozungulira kafulati kabuluu pafupi ndi polowera moto, kolembedwa 14D471K kapena 10D471K, ndi varistor, 14 ndi kukula kwake mu mamilimita, 471 akutanthauza 470V. Kamaphulika moto ukabwera wambiri kapena mphenzi ikawomba pafupi, ndipo kawirikawiri fyuzi imafera limodzi, sinthani zonse. Kakuda kofanana nako kolembedwa 5D-9 kapena 10D-11 ndi NTC, ntchito ina, musasinthanitse. Makapasita oimirira ozungulira aja akatupa pamwamba kapena kutuluka zofiirira afa, amenewa ali ndi plus ndi minus, mzere wa m'mbali ndi minus, mukatembenuza amaphulika, ndipo yaikulu kwambiri pa bolodi imasunga mavolti opitirira 300 kwa kanthawi mutazula kale. Resistor ikapserera mpaka mitundu ya mizere yake osaoneka musalote nambala, pezani bolodi ina ya model yomweyo muonerepo.

Popita kukagula nyamulani chakufacho m'thumba limodzi ndi zithunzi, muchiike pa kauntala pambali pa chatsopano muwerenge manambala nokha, wogulitsa akati "ndi chimodzimodzi bwana" inu yang'ananibe. M'mashopu a zamagetsi ku Lilongwe, Blantyre, Limbe ndi Mzuzu makapasita a fani, mafyuzi ndi ma relay sizisowa kwenikweni. Zikasowa pitani kwa okonza mawailesi ndi ma TV mumsika, amasunga mitembo ya katundu yambiri ndipo amakuchotserani, ingowapemphani ayeze ndi mita inu mukuona. Kapasita yokha ndi bwino yatsopano chifukwa imafooka ndi ukalamba ngakhale ikuoneka bwino kunja. Katundu ngati wa Defy ndi wa ku South Africa, nde muli ndi mbale ku Johannesburg mtumizireni pa WhatsApp chithunzi cha sitika ya model ndi cha chinthucho, osangomuuza dzina la filiji. Zomwe munalandira kuchokera ku America kapena Japan yang'anani sitika kaye, kumeneko magetsi ndi 120V ndi 100V pomwe kuno ndi 230V, zikakhala kuti zinapsa chifukwa cha zimenezo kusintha kachinthu kamodzi sikuthandiza popanda transformer.

Pobwezeretsa tsatani zithunzi zanu, kokani waya uliwonse pang'ono muone ngati wagwira, wolendewera amatentha nkusungunula pulasitiki. Waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu uja, ubwerere pa chitsulo pomwe unali. Tsekani chivindikiro musanayatse. Mukayatsa khalani pomwepo dzanja lili pafupi ndi switchi, mvetserani, nunkhizani. Fani isiyeni iyende theka la ola nkugwira kumbuyo kwa mota, kufunda ndi bwino koma kuotcha koti dzanja silingakhalepo ayi. Ayironi iyenera kuyaka nkuzima yokha kangapo mukuiona. Filiji ikadzuka nkumayenda mosalekeza, pakapita mphindi khumi kapena makumi awiri mapaipi akumbuyo kapena m'mbali mwake afunde, mufiriza muyambe kuzizira. Ikabwereranso ku huuu tiki relay yatsopano ili momwemo, zulani musaikakamize, kompuresa yagwira mkati ndipo apo itanani a mafiliji.